Kutsika pa thiraki ya m'maboda: kupeza ntchito ya mommuno ukadali pa ntchito

Bambo a Tadala
Akuluakulu, tithandizane nzeru. Dalaivala ali pa hosi (mutu wa thiraki wokoka ngolo) ndi thirela, njira ya Beira ndi ya Dar es Salaam, laisensi EC, PrDP (chilolezo cha madalaivala a ntchito) ya G ikugwira ntchito. Akufuna ntchito ya mommuno yoti azigona pakhomo, koma sangasiye ilipoyi asanapeze ina chifukwa ana ali pa sukulu. Vuto ndi loti masiku ambiri a mwezi amakhala kunja kwa dziko. Ayambire pati? Nanga abwana ake awauze liti?

Madala a Kanengo
Achimwene, yambani ndi foni. Madalaivala ambiri a m'maboda sakanidwa ntchito chifukwa cha mapepala ayi, amangosowa pa foni tsiku lomwe akufunidwa. A ku ofesi amaimba pa laini wamba, nthawi ya ntchito, kawiri kapena katatu. Inu muli pa mzere ku doko la Beira, mwachotsa SIM ya kuno mwaikamo ya Vodacom kapena Movitel. Iwo akamva kuti nambalayi sikupezeka amangodumpha n'kuimbira wotsatira pa ndandanda. Sadzakuuzani n'komwe kuti anakuimbirani.

Ndiye pa CV lembani manambala awiri. Yoyamba yanu, ndipo pambali pake mulembe kuti ili pa WhatsApp nthawi zonse. Yachiwiri ya munthu wa pakhomo amene foni yake sizima, mayi a kunyumba kapena m'bale wodalirika. Munthuyo mumuuze bwino zoyankha: afunse dzina la kampani, dzina la woimbayo, tsiku ndi malo a intavyu, ndipo anene tsiku lomwe mukuyembekezeka kulowa pa Mwanza kapena pa Songwe. Asamangoti "kulibe, anapita ku ulendo." Ngati foni yanu ili ya ma SIM awiri, ya kuno isatuluke, muitsegulitse roaming kuti ma SMS azilowa.

Chachiwiri, siyani pakhomo maenvulopu asanu kapena kuposa, okonzeka kale, osamata. Ntchito ikatuluka mu The Nation kapena The Daily Times, kapena pa bolodi la pa geti, wa pakhomoyo amangoikamo kalata ya pamwamba n'kukasiya. Zotsatsa zambiri zimapereka masiku ochepa, ulendo umodzi wa ku Dar ukhoza kudya nthawi yonseyo.

Mayi a ku HR
Ndionjezere pa za maenvulopuzo, bambo. Mkati mukhale izi: kope ya chiphaso cha unzika cha NRB mbali zonse ziwiri, laisensi mbali zonse ziwiri, PrDP, satifiketi ya defensive driving ngati ilipo, satifiketi ya sukulu, makalata a makampani amene munagwirako kale, ndi police clearance. Makope adindidwe ndi loya, majisitireti kapena wina amene ali ndi mphamvu yolumbiritsa. Police clearance ija imafuna kudinda zala ndipo situluka tsiku lomwelo, choncho iyambeni pa masiku opuma a ulendo uno, musadikire kuitanidwa.

Onaninso tsiku lothera PrDP. Ngati yatsala ndi miyezi iwiri, pitani ku Road Traffic mukaikonzetse tsopano. Kampani ikakhala ndi anthu awiri ofanana, imatenga amene sadzapempha tsiku lokaima pa mzere wa Road Traffic ku Ginnery Corner sabata yoyamba ya ntchito.

CV ya dalaivala isapitirire masamba awiri. Chimene timayang'ana ndi mtundu wa galimoto, kulemera kwa katundu, mtundu wa giyabokosi, njira, ndi zaka. Musalembe kuti "ndinayendetsa mathiraki osiyanasiyana." Lembani kuti Freightliner Argosy ya giya za Eaton Fuller, thirela ya ma ekiselo atatu, feteleza ndi makontena, matani 30, Beira mpaka Lilongwe, chaka chakuti mpaka chakuti. Ngati munayambira pa lole ya matani 7 kapena 10 musanakwere hosi, musazibise poganiza kuti n'zazing'ono. Kwa kampani yogawa katundu m'tauni, zaka zimenezo ndi zomwe zili ndi phindu kuposa za m'maboda.

Bambo a Tadala
Zikomo mayi. Koma EC ija siyokwanira kale pa malole onse a mommuno?

Mayi a ku HR
Pa lamulo ndi yokwanira. EC, imene ena amailemba CE, imaphimba C ndi C1. C1 ndi galimoto yolemera kupitirira makilogalamu 3,500 mpaka 16,000, C ndi yopitirira pamenepo. Koma PrDP ndi ya padera, EC siiphimba. G ndi ya katundu wamba. Mafuta, gasi ndi mankhwala oopsa zimafuna D, anthu amafuna P.

Wa ku Luwinga
Ine ndikuona kuti tathamangira mapepala tisanafunse kuti "ntchito ya mommuno" ndi iti. Zilipo za mitundu yosiyana kwambiri, ndipo si zonse zogona pakhomo.

Pali ya Blantyre ndi Lilongwe pa M1 kudzera pa Zalewa, makilomita opitirira pang'ono 300. Imeneyi mumapita lero, kutsitsa mawa, kudikira katundu wobwerera. Pa sabata mugona pakhomo mwina kawiri kapena katatu. Ya Lilongwe mpaka Mzuzu kapena Karonga ndi chimodzimodzi, ndipo njira ya ku Karonga ili ndi phiri la Chiweta. Kwa munthu wochokera ku hosi iyi ndiye yosavuta kulowa chifukwa galimoto ndi yomweyo.

Pali yogawa katundu m'mashopu ndi m'madepoti: zakumwa, ufa, mafuta ophikira, sopo, simenti. Mafakitale ake ali ku Makata, Chirimba, Maone, Kanengo ndi kuno ku Luwinga. Iyi ndiyo yogonadi pakhomo, koma mumadzuka 4 koloko, mumaima malo khumi kapena kuposa pa tsiku, ndipo katundu yense ali pa dzina lanu.

Ndiye pali za nyengo. Fodya: misika ya okushoni ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu imatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo matransipota amafuna madalaivala msika usanatsegulidwe, osati utatsegulidwa. Nzimbe ndi shuga za ku Nchalo ndi Dwangwa zimayamba mvula ikatha mpaka chakumapeto kwa chaka. Feteleza amayenda kwambiri kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amachuluka nthawi ya mvula. Matipa a makontirakitala a misewu amagwira kwambiri m'chilimwe, mvula ikalimba ntchito imachepa.

Choncho wofuna kutsika mu Epulo ayambe kuyenda m'mayadi mu Januwale ndi Febuluwale. Amene ayambe kufunsa mu Juni apeza mipando yadzaza.

Madala a Kanengo
Za nyengozo ndikutsutsa pang'ono, a Luwinga. Munthu wa ana a sukulu asasiye ntchito yokhazikika chifukwa cha fodya. Msika ukatsekedwa mathiraki amaimikidwa, kontirakiti yatha, ndipo fizi ya teremu yoyamba ikukudikirani. Komanso za fodya si zogona pakhomo monga mmene anthu amaganizira. Mukapakira mabelo ku Rumphi kapena ku Mchinji mukhoza kukhala pa mzere wotsitsa masiku angapo, mukugona m'galimoto momwemo, popanda alawansi ya m'maboda ija.

Wa ku Luwinga
Zoona madala, koma zimatengera mwini mathiraki. Alipo amene fodya akatha amalowa pa feteleza, feteleza akatha amalowa pa chimanga kapena simenti, galimoto siima. Funso lofunsa pa intavyu ndi lakuti, galimoto imeneyi imanyamula chiyani mu Januwale ndi Febuluwale? Akayankha momveka, ntchito ilipo chaka chonse. Akayamba kuzungulira, dziwani kuti ndi ya miyezi isanu. Ndipo dalaivala wa pa yadi yomweyo akuuzani zoona kuposa ofesi. Pa sikelo pa Balaka kapena pa toll gate ya Chingeni mumakumana nawo tsiku ndi tsiku, afunseni: malipiro amabwera pa tsiku lanji, matayala akaphulika amadula ndani, anthu asiya angati chaka chino.

Foromani wa ku Makata
Pamenepa mpofunika. Ntchito zambiri za madalaivala sizifika mu nyuzipepala. Dalaivala akasiya Lachisanu, galimoto siingagone mpaka kutsatsa kutuluke. Transport manager amafunsa foromani ndi madalaivala akale kuti mukudziwa ndani. Ndiye inu amene mumabwera ndi katundu wa ku Beira kudzatsitsa m'mayadi omwewa muli ndi mwayi woposa wa aliyense. Mukamadikira kutsitsa, musagone m'kabini. Pitani ku ofesi ya dispatch, funsani amene amayang'anira magalimoto, perekani moni, siyani envulopu. Akuonani kale mmene mwalowetsera thirela pa bay (malo opakira ndi kutsitsira katundu), intavyu yayamba kale pamenepo.

Koma chenjezo limodzi. Musapatutse galimoto ya kampani kupita ku intavyu. Mathiraki ambiri a m'maboda ali ndi tracker, ndipo kuchoka pa njira popanda chilolezo ndi mlandu wochotsa nawo ntchito. Choopsanso, katundu amene sanamalize za MRA ali ndi njira yake ndi malo ake otsitsira. Imikani galimoto pa yadi, perekani makiyi, kwerani minibasi kapena kabaza.

Bambo a Tadala
Nanga tsiku la intavyu likagwera pamene ali pa ulendo?

Mayi a ku HR
Aimbe foni yekha tsiku lomwelo lomwe uthenga wafika, asadikire. Anene zoona: ndili ku Tete ndi katundu, ndilowa pa Mwanza Lachitatu, nditsitsa Lachinayi, ndingabwere Lachisanu m'mawa. Ambiri timasuntha tsiku chifukwa tikudziwa mmene ntchitoyi ilili, ndipo munthu wosataya katundu wa abwana ake pa njira ndi amene timamufuna. Aonjezere tsiku limodzi kapena awiri pa kuwerengera kwake, chifukwa netiweki ya pa boda ikagwa kapena mapepala a ejenti akachedwa, lonjezo lija lasweka.

Njira yabwino koposa ndi tchuthi cha pachaka. Employment Act ya 2000 imapereka masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Madalaivala ambiri sapita ku tchuthi poopa kutaya ma trip. Tengani masabata awiri, muwakonzeretu: masiku oyamba a mapepala, otsalawo a m'mayadi ndi ma road test. Pemphani tchuthicho polemba kalata ndipo musunge kope.

Foromani wa ku Makata
Tsopano za road test, chifukwa apa mpomwe madalaivala a hosi amagwa, ndipo amadabwa. Munthu wa zaka khumi pa msewu wa Dar amabwera akudziona kuti lole ya matani 10 ndi choseweretsa. Nazi zomwe zimawagwetsa.

Kuzungulira galimoto musanalize. Woyesa amaima patali n'kumayang'ana ngati muchite nokha. Oyilo, madzi, malamba a injini, manati a matayala, mabala a m'mbali mwa matayala, mwala wolowa pakati pa matayala awiri a kumbuyo, magetsi onse, madisiki a COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera pa msewu) ndi inshuwalansi, matirayango, chozimitsira moto. Mukaliza, dikirani mpweya ukwere mpaka cha pa 8 bar, buzzer isiye kulira. Zimitsani injini, pondani buleki n'kugwira, muone ngati singano ikutsika. Kokani mavavu a pansi pa matanki a mpweya kuti madzi atuluke. Amene amangokwera n'kuika giya wagwa kale asanatuluke pa geti.

Rivesi. Pa hosi manja anazolowera kuti chiwongolero chikapita kumanja thirela ipita kumanzere. Pa lole yopanda thirela kumbuyo kumapita komwe mwakhotetsera. Zikumveka zophweka, koma pa bay yopapatiza, anthu akukuyang'anani, manja amabwerera ku zakale. Komanso lole yaitali ili ndi mchira wotuluka kupitirira matayala a kumbuyo. Mukakhota kumanja mchirawo umaponyedwa kumanzere, ndipo ndi umene umagwetsa mipanda, makhonde a mashopu ndi njinga za kabaza. Musanapite ku test, pemphani mnzanu wa Isuzu, Fuso kapena Hino akupatseni ola limodzi pa bwalo.

Giya. Wochokera pa Volvo ya I-Shift kapena Scania ya Opticruise, zomwe zimasintha giya zokha, mwendo wa kumanzere unagona. Malole ambiri a mommuno ndi a manual. Wochokera pa Eaton Fuller naye ali ndi vuto lake: anazolowera kusintha giya osaponda kilatchi, zimene pa giyabokosi ya synchro zimadya ma synchro (tizitsulo tothandiza giya kulowa bwino), ndipo woyesa akaona amalemba. Pondani kilatchi mpaka pansi giya iliyonse. Ponyamuka pa chitunda gwiritsani handbrake, galimoto isabwerere ngakhale phazi limodzi.

Chitsikiro. Akakutengerani ku msewu wa Chikwawa, sankhani giya musanayambe kutsika, osati pakati pa phiri. Malole ang'onoang'ono alibe retarder (buleki yothandizira ya mathiraki akuluakulu), ali ndi exhaust brake yokha, ndipo imagwira bwino injini ikakhala pa ma rev okwera. Mukadalira phazi mabuleki atentha musanafike pa Thabwa.

Mjomba wa ku Liwonde
Foromani mwaiwala tipa. Amene akulowera kwa makontirakitala adziwe kuti tipa imagwa itaima, osati ikuyenda. Musananyamule bodi onani zinthu zitatu: pansi pali polingana, m'mwamba mulibe mawaya a ESCOM, chitseko cha kumbuyo chatseguka. Mchenga wonyowa kapena dothi lofiira limamatirira kutsogolo kwa bodi mbali imodzi, bodi ikakwera kulemera konse kumakhala m'mwamba ndipo galimoto imapendekera. Mukaona katundu sakutsika, tsitsani bodi, tengani fosholo. Osagwedeza galimoto ndi buleki bodi ili m'mwamba, mumapinda ramu yonyamula bodiyo. Mukamaliza chotsani PTO, imene imayendetsa pampu yonyamulira bodi, musanalowe mu msewu.

Wa Matanka
Kwa amene ali ndi D kapena angathe kuipeza, ganizirani za mafuta a mommuno. Thanka zochokera ku Beira, Nacala ndi Dar zimatsitsa m'madepoti, monga a NOCMA (kampani ya boma ya mafuta) ku Matindi, Kanengo ndi Sonda, komanso a makampani a mafuta. Kuchokera m'madepoti kupita ku mafilling station pamafunika madalaivala ena, ndipo ambiri a iwo amabwerera tsiku lomwelo. Kulowa kwake n'kovutirapo: amapima thupi ndi maso, amayang'ana mbiri ya ngozi, pa geti pali kupuma mu kachipangizo ka mowa, ndipo pali maphunziro a katundu woopsa. Cholakwa chachikulu pa ntchitoyi ndi kuthira dizilo mu thanki ya petulo kapena petulo mu ya dizilo. Chimachitika pamene dalaivala watopa n'kulumikiza payipi osawerenga nambala ya chipinda cha thanka ndi chizindikiro cha pa chivundikiro cha pansi. Musanatsegule vavu: waya wa earth, dip ya thanki ya siteshoni kuti muone ngati malo alipo, ma seal awerengedwe pamaso pa mwini siteshoni, payipi imodzi nthawi imodzi.

Madala a Kanengo
Tonse tikulankhula za kupeza ntchito, koma palibe wanena za ndalama, pomwe ndi pamene anthu ambiri amabwerera ku maboda patatha miyezi itatu. Dalaivala wa kunja sakhalira salale, amakhalira alawansi ya ulendo, ndipo gawo lina limabwera mu ndalama zakunja. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kumeneku kunakula. Kutsika kumatanthauza kuti ndalama yolowa ichepa, tisanamizane.

Koma werengerani bwino, chifukwa alawansi yonse sifika pakhomo. Tengani kabuku, lembani miyezi itatu yapitayi: salale, kuphatikiza alawansi zonse, kuchotsa zomwe zinathera pa njira. Chakudya, malo oimika galimoto usiku, alonda, madzi osamba, mayunitsi a mayiko awiri, kusintha ndalama, masiku odikira pa doko omwe alawansi inatha inu mukadali pa mzere. Chotsalacho ndiye malipiro anu enieni. Muyerekeze chimenecho ndi za ntchito yatsopano, mutachotsa PAYE, penshoni, ndi thiransipoti yopitira ku yadi tsiku lililonse. Ngati mumakhala ku Bangwe ndipo yadi ili ku Chirimba, kunyamuka 4 koloko kulibe minibasi, ndi njinga yamoto, ndipo pa mwezi ndi ndalama yooneka.

Ngati pali ngongole ya ku banki kapena ya ku SACCO yomwe munatenga powerengera alawansi, imalizeni kapena ichepetseni musanatsike.

Mayi a ku HR
Ndipo funsani mafunso awa musanasaine. Malipiro ndi a pa mwezi kapena a pa trip? Ovataimu imalipidwa? Lamulo limati maola a ntchito ndi 48 pa sabata, opitirira pamenepo amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo tsiku lopuma kapena la holide ndi kawiri. Alawansi yogona kunja kwa tauni ndi zingati? Penshoni ikudulidwa n'kutumizidwadi? Bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo muli ndi ufulu woona sitetimenti ku kampani yosunga penshoniyo. Boma limalengezanso malipiro ochepetsetsa a madalaivala a mathiraki padera, motengera matani a galimoto, choncho kutsika kuchoka pa matani 30 kupita pa lole yaing'ono kukhoza kukusinthirani gulu. Ku ofesi ya Labour ya m'boma lanu akuonetsani chikalata chatsopano.

Foromani wa ku Makata
Muonjezere funso la mashoteji ndi la dizilo. Pa kontena mumasainira seal imodzi basi. Pa ntchito yogawa mumasainira kireti iliyonse, thumba lililonse. Werengani nokha popakira, musasiyire othandizira. Potsitsa imani pa chitseko, chifukwa katundu amasowa pa nthawi imene dalaivala wapita kukasainitsa pepala. Thumba la simenti likang'ambika kapena botolo likasweka, lembani pa delivery note pomwepo, wolandira asaine, jambulani ndi foni. Zopanda kulembedwa zidzadulidwa pa salale yanu.

Dizilo naye afunseni kuti amawerengera makilomita angati pa lita, ndipo pa njira iti. Hosi yodzaza pa msewu wautali imayenda pafupifupi makilomita awiri pa lita. Galimoto yomweyo ikamaimaima m'tauni, kapena kukwera phiri la Chikwawa ndi shuga, imadya kuposa pamenepo. Kampani imene ili ndi muyeso umodzi pa njira zonse idzakudulani mwezi ndi mwezi ngakhale musanagulitsepo dontho.

Wa ku Luwinga
Tichenjezane za akuba. M'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook mumatuluka zotsatsa zokhala ndi chizindikiro cha kampani yodziwika kapena bungwe lothandiza anthu, madalaivala 20 akufunika msanga. Mukatumiza mapepala amakuimbirani kuti mwasankhidwa, tumizani ndalama ya medical kapena ya yunifolomu pa Airtel Money kapena Mpamba. Amakonda madalaivala a m'maboda chifukwa akudziwa kuti muli kutali, simungapite kukaona, ndipo muli ndi alawansi m'thumba. Kampani yeniyeni silipiritsa munthu kuti imulembe ntchito. Tumani wa pakhomo apite pa geti la kampaniyo akafunse ngati kutsatsako n'kwawo. Laisensi yeniyeni ndi pasipoti musasiyire munthu aliyense, ngakhale wa ku ofesi, makope ndi okwanira.

Bambo a Tadala
Zamveka akuluakulu. Latsala funso lija la abwana. Kampani yatsopano ikufuna kalata yochokera komwe akugwira pano. Akaipempha ndiye kuti waulula.

Madala a Kanengo
Asaulule asanagwire kalata ya ntchito m'manja, yosainidwa, yokhala ndi tsiku loyambira ndi malipiro. Lonjezo la pa foni si ntchito. Bwana akangodziwa kuti mukufuna kuchoka, chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti galimoto yabwino imapatsidwa wina, inu mumakhala pa benchi kudikira, ndipo popanda trip palibe alawansi. Pa CV ikani ma referee a makampani akale, ndipo mulembe kuti a kampani ya pano afunsidwe pokhapokha mutagwirizana.

Mjomba wa ku Liwonde
Madala, pamenepo pali mbali ina. Makampani ambiri a m'maboda alinso ndi magalimoto a mommuno: ma shunter otenga thirela pa yadi kukatsitsa kwa kasitomala, ndi ena oyenda Blantyre ndi Lilongwe. Dalaivala wa mbiri yabwino akapempha kusinthidwa, bwana wanzeru amalola kusiyana n'kumutaya. Ubwino wake zaka za ntchito siziduka, palibe probation (nthawi yoyesedwa pa ntchito), penshoni ikupitirira pomwepo. Ndiye musanayang'ane kunja, yang'anani m'yadi mwanu momwemo. Kupempha kusinthidwa si kunena kuti ndikuchoka.

Madala a Kanengo
Ndavomera mjomba, ngati kampaniyo ilidi ndi magalimoto otere. Apemphe polemba, apereke chifukwa cha banja kapena cha thanzi, asatchule zoti akufunsira kwina. Koma pa kampani ya mathiraki atatu onse a ku Beira, pempholi lilibe kolowera, lingomuika pa diso.

Mayi a ku HR
Za kalata ija musade nkhawa, bambo. Olemba ntchito ozindikira amapereka kalata ya ntchito yonena kuti idzatsimikizika akalandira umboni wa komwe mukuchokera. Mukatero mumapereka notisi, kenako mumapempha certificate of termination. Gawo 31 la Employment Act limakakamiza bwana kuipereka mukaipempha. Imaonetsa nthawi yomwe mwagwira, udindo wanu ndi malipiro, ndipo chifukwa chochokera chimalembedwa pokhapokha inu mutafuna.

Notisi kwa wolandira pa mwezi ndi mwezi umodzi, malinga ndi gawo 29, koma werenganinso kontirakiti yanu. Ikhale yolemba, ya deti, wolandira asaine pa kope yanu. Mukachoka osapereka notisi, bwana ali ndi ufulu wofuna ndalama ya mwezi umenewo. Choncho pokambirana tsiku loyambira ku kampani yatsopano, nenani masabata asanu, osati anayi. Chifukwa chake n'chakuti mukhoza kutumizidwa ulendo womaliza sabata yachitatu ya notisi n'kukakamira pa boda la Zobue kapena la Kasumulu tsiku loyamba ntchito likudutsa. M'kalata ya notisi pemphani kuti masiku khumi omaliza musatumizidwe kunja, kapena kuti masiku a tchuthi otsala agwere kumapetoko.

Dziwaninso kuti wosiya yekha salandira severance (ndalama yopatsidwa bwana akathetsa ntchito). Chimene mulandire ndi malipiro a masiku omwe mwagwira, tchuthi chomwe simunapite, ndi alawansi zotsalira, ndipo lamulo limati ziperekedwe pasanathe masiku 7. Zikavuta muyambire ku ofesi ya Labour, zikakanika kumeneko ndiye ku Industrial Relations Court. Penshoni si ya bwana, ndi yanu. Tengani nambala ya umembala ndi sitetimenti yomaliza kuti mukapereke ku ntchito yatsopano.

Foromani wa ku Makata
Tsiku lopereka galimoto musachite mothamanga, chifukwa apa mpomwe ndalama zomaliza zimadyedwa. Lembani ndandanda pa pepala, muyende nayo limodzi ndi foromani kapena wa ku stores: jeki, wheel spanner, matayala a sipeya ndi manambala ake, matenti, malamba ndi maratcheti, matcheni, mabatire, chozimitsira moto, makilomita a pa dashibodi, mulingo wa dizilo m'matanki onse awiri. Mapepala a galimoto nawo: COMESA yellow card (inshuwalansi ya m'maboda), ma permit a m'maboda, makadi a mafuta, ma POD (mapepala otsimikiza kuti katundu wafika) onse a ulendo womaliza, ndi malisiti a ndalama za pa njira. Jambulani galimoto mbali zinayi ndi mkati mwa kabini. Onse awiri musaine, aliyense atenge kope. Tenti imodzi ikadzasowa patatha sabata, pepala limenelo ndi lomwe lidzakuyankhireni.

Bambo a Tadala
Nanga probation ku ntchito yatsopano? Akhoza kumuchotsa mwezi woyamba atasiya kale kwina?

Mayi a ku HR
Akhoza. Pa nthawi ya probation mbali iliyonse ingathetse kontirakiti popanda notisi, ndipo lamulo limalola probation mpaka miyezi 12, ngakhale makampani ambiri amaika itatu kapena isanu ndi umodzi. Kutalika kwake kulembedwe m'kalata ya ntchito, ndipo ikatha pemphani kalata yotsimikiza. N'chifukwa chake kochokerako muchoke bwino, notisi yathunthu, galimoto yoperekedwa mwadongosolo, kuti zikavuta muthe kugogodanso. Pasipoti ndi kadi ya yellow fever zisungeni zili zogwira ntchito chaka choyamba chonse.

Wa Matanka
Pa miyezi ya probation chomwe chimachotsetsa anthu a m'maboda kwambiri ndi nthawi. Kunja munthu amadzipangira yekha ola lonyamuka, bola afike. Kuno galimoto ili ndi ola lolowera pa bay, mukaliphonya mwabwerera kumapeto kwa mzere ndipo makasitomala onse a tsikulo achedwa. Isanafike sabata yoyamba ntchito, pemphani ndandanda ya malo otsitsira, muyende nawo pa minibasi kapena pa njinga, muone polowera ndi potembenukira. Misika ngati ya Limbe, Ndirande ndi Lilongwe ku Malangalanga ili ndi maola amene lole singadutse chifukwa cha anthu ndi mavenda, ndipo madalaivala akale a pa yadipo akuuzani kuti shopu iti muyambire ndi iti mumalizire.